LINDLEY MURRAY (1745–1826): WODWALA AMENE ANAPHUNZITSA ANA KUONGOLA ZIGANIZO

Palibe mphunzitsi wa Cingerezi m'masukulu a m'cigwa ca Luangwa, kuyambira kwa Malama kufikira kwa Nsefu, amene salidziwa funso lija lobwera kawirikawiri pa mayeso: mwana apatsidwa ciganizo cokhota nauzidwa kuti aciongole, kapena apatsidwa ziganizo zinai kuti asankhepo cimodzi colembedwa bwino. Ana amene amalankhula Cikunda pakhomo, naphunzira Cinyanja pa sukulu, nakomana ndi Cingerezi monga cinenero cacitatu, amapunthwa kwambiri pa funso limeneli, ndipo kwa ena ulendo wa maphunziro umathera pomwepo. Koma ndi owerengeka okha amene adziwa kumene mcitidwe umenewu unacokera. Sunayambe ndi Boma, ndiponso sunayambe ndi akuluakulu olemba mayeso. Unafalikira m'maiko ambiri kucokera m'cipinda ca munthu mmodzi wodwala, amene sanakhalepo mphunzitsi wa sukulu, amenenso sanabadwire ku England. Iye analemba buku lace cifukwa aphunzitsi ocepa a sukulu ina yaing'ono anadza kwa iye nabvomera kuti galamala inali kuwabvuta. Dzina lace ndi Lindley Murray, ndipo mbiri yace iyenera kudziwika kwa onse ogwira coko.

UBWANA WACE

Lindley Murray anabadwa m'caka ca 1745 ku Swatara, m'dziko la Pennsylvania, pa nthawi imene maiko a m'mbali mwa nyanja ku America anali pansi pa mfumu ya ku England. Atate ace anali Robert Murray, ndipo amai ace anali Mary Lindley. Dzina lace loyamba linacokera ku mtundu wa amai acewo. Iye ndiye anali woyamba mwa ana 12. Banjali linali la mpingo wa Society of Friends, umene anthu ace amadziwika ndi dzina lakuti a Quaker. Masiku amenewo iwo analibe ansembe. Ankasonkhana nakhala cete kufikira wina atamva kuti ali ndi mau oyenera kunena. Ankakana nkhondo ndi malumbiro. Ndipo ankalemekeza kubvala kosadzionetsera ndi kulankhula zoona popanda kukometsera. Makhalidwe amenewa anaonekera pambuyo pace m'mabuku onse a Murray.

Robert Murray anayamba ndi cigayo, koma mtima wace unali pa malonda. Atakhala kanthawi ku North Carolina anasamukira ku New York m'caka ca 1753, nakhala mmodzi wa amalonda olemera a mumzindamo. Dera lina la New York licedwabe ndi dzina la banjali, lakuti Murray Hill.

Lindley sanali mwana wofatsa. Atafika zaka ngati 14 atate ace anamuika m'ofesi ya malonda ao kuti aphunzire kuwerengera katundu ndi ndalama, koma nchitoyo inamtopetsa. Tsiku lina anaturuka madzulo popanda cilolezo, ndipo atate ace anamlanga kolimba. Mnyamatayo anaona kuti cilango caposa colakwa, cotero anamanga katundu wace mobisa nathawa. Cozizwitsa ndi ici, kuti sanathawire kunyanja monga ankacitira anyamata ena, koma anathawira ku sukulu yogonera komweko ya ku Burlington, m'dziko la New Jersey, kumene anakadzilembetsa yekha. Acibale atampeza anambwezera kwao mwamtendere, ndipo atate ace, poona kuti mwanayo afunadi maphunziro, anampezera mphunzitsi wa panyumba.

ULOYA, NKHONDO NDI MALONDA

Pambuyo pace anapempha kuti aphunzire malamulo a dziko. Atate ace anayamba akana, koma potsiriza analola, ndipo anaphunzira zaka zinai m'ofesi ya loya wina dzina lace Benjamin Kissam. Mnzace wophunzira naye pamodzi anali John Jay, amene anadzakhala woweruza wamkulu woyamba wa United States. Nchito ya uloya imazoloweza munthu kupenyetsetsa mau, pakuti liu limodzi loikidwa pamalo posayenera likhoza kusandutsa pangano kukhala mlandu. Ndipo wowerenga galamala ya Murray amaona mtima wa loya m'mene anandandalikira malamulo ace, lililonse ndi nambala yace ndi zopatula zace. M'caka ca 1767 anakwatira Hannah Dobson. Ana sanaone, koma anakhala pamodzi mokondana zaka zoposa 58.

M'caka ca 1775 inabuka nkhondo pakati pa England ndi maiko ace a ku America. Nchito ya uloya inaima, ndipo Murray ndi mkazi wace anasamukira ku Islip, pa cisumbu ca Long Island, kumene anakhala zaka ngati zinai, iye akutaya nthawi ndi kuwedza nsomba ndi kuyenda m'bwato. Atatopa ndi kukhala cabe anabwerera ku New York, umene unali m'manja mwa asilikali a Angerezi, nayamba malonda. Pofika caka ca 1783, pamene nkhondo inatha, anali ndi cuma cokwanira kuti aleke nchito, ali ndi zaka 38 zokha. Anagula nyumba yokoma m'mbali mwa mtsinje, dzina lace Bellevue, poyembekeza kupumuliramo masiku ace onse.

NTHENDA IMSAMUTSA

Koma sanakhalitsemo. Thupi lace linayamba kufooka, makamaka miyendo, kotero kuti akayenda pang'ono ankalema ngati munthu wocokera ulendo wautali. Madokotala anamlangiza kuti afune dziko limene dzuwa la malimwe siliwawa kwambiri. Olemba mbiri ena a masiku ano aonjezapo cifukwa cina, cakuti banja la Murray linacita malonda ndi Angerezi pa nthawi ya nkhondo, ndipo anthu otere sanaonedwe ndi diso labwino m'dziko latsopanolo. M'caka ca 1784 iye ndi mkazi wace anaoloka nyanja, nakakhala ku Holgate, kamudzi ka pafupi ndi mzinda wa York, kumpoto kwa England. Anapita monga anthu okabwerako, koma Murray sanaonenso dziko la kwao.

Nthenda sinacoke. Poyamba ankaturuka tsiku ndi tsiku pa ngolo ya akavalo, ndipo ankamkoka pa mpando m'munda wace wa maluwa umene anaukonda kwambiri. Koma mphamvu zinanka zicepa caka ndi caka. Munthu amene anathawa kwao ali mnyamata cifukwa cosafuna kutsekeredwa m'ofesi, tsopano anatsekeredwa ndi thupi lace lomwe. Zimene zinamtsalira ndi maso, mutu ndi dzanja, ndipo anazigwiritsa nchito. M'caka ca 1787 anasindikiza buku lace loyamba, The Power of Religion on the Mind, losimba za anthu ochuka ndi m'mene anaonera za cipembedzo pofika kumapeto kwa moyo wao. Poyamba sanaikepo dzina lace, ndipo analigawira anansi ace kwaulere.

PEMPHO LA APHUNZITSI

Ku York kunali sukulu yaing'ono ya atsikana ya a Quaker, mumseu wa Trinity Lane, imene anaiyambitsa mai Esther Tuke pamodzi ndi anzao. Aphunzitsi ace anali akazi acitsikana, acangu pa nchito, koma okayika pa galamala, popeza iwo eni sanaiphunzire mokwanira, ndipo mabuku amene analipo anali olembedwera anthu ophunzira kale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Aphunzitsi awa sanabise umbuli wao. Anayamba kupita ku Holgate kuti Murray awaphunzitse m'nyumba mwace, ndipo ataona kuti mafotokozedwe ace amveka, anampempha kuti awalembe m'buku lothandiza ana ao. Iye anakana poyamba, podziona wosayenera, koma atamuumiriza anabvomera. Bukulo, English Grammar, linasindikizidwa ku York m'caka ca 1795, mwini wace ali ndi zaka 50.

Murray sanadziyese wotulukira zatsopano. Ananena poyera kuti nchito yace inali yosonkhanitsa ndi kukonza zimene ena analemba kale. Zambiri anazitenga kwa Robert Lowth, amene analemba galamala yace m'caka ca 1762 nadzakhala bishopu wa London. Zina kwa Joseph Priestley, kwa Hugh Blair ndi kwa George Campbell. Luso lace linali la mphunzitsi wabwino, ndilo kudziwa coyenera kuyamba ndi coyenera kutsiriza. Analigawa bukulo panai: zilembo ndi kalembedwe ka mau, mitundu ya mau ndi kusintha kwace, kamangidwe ka ziganizo, ndi kachulidwe pamodzi ndi miyeso ya ndakatulo. Malamulo akulu anawasindikiza ndi zilembo zazikulu kuti mwana awaloweze, ndipo zopatula ndi ndemanga anaziika m'zilembo zazing'ono kuti mphunzitsi ndi ana okulirapo aziwerenge. Gawo la kamangidwe ka ziganizo analimanga pa malamulo 22.

ZIGANIZO ZOLAKWA DALA

Lamulo loloweza pamtima silithandiza mwana ngati sadziwa kuligwiritsa nchito. Cifukwa cace m'caka ca 1797 Murray anaturutsa buku lina, English Exercises, lodzala ndi ziganizo zolakwitsidwa dala kuti ana aziongole, pamodzi ndi kabuku ka mayankho kothandiza iwo ophunzira okha opanda mphunzitsi. Njira imeneyi sanaiyambe ndiye. Mai wina mphunzitsi wa ku Newcastle, Ann Fisher, ndiye anaiyamba m'galamala yace zaka ngati 50 m'mbuyomo. Koma Murray ndiye anaikonza bwino naifalitsa. Pansi pa lamulo lililonse anaikapo ziganizo zothyola lamulo lomwelo lokha. Ndipo mwana atazolowera malamulo onse limodzi limodzi, ankapatsidwa ziganizo zosakaniza, zosamuuza kumene kuli colakwa. Gawo lotsirizali ndilo kholo leni leni la funso la pa mayeso. Anasonyezanso m'mene wophunzira ayenera kuongolera pakamwa: achule colakwa, achule lamulo lothyoledwa, ndipo pamenepo anene ciganizo coongoka.

Malamulo amene olemba mayeso amabwerezabwereza ali pafupifupi onse m'ndandanda wa Murray, ndipo nkoyenera kuwaona ndi maso a mwana wa kwa Malama.

Loyamba ndi lakuti mneni agwirizane ndi mwininkhani. Ciganizo cakuti The goats is in the garden ncolakwa, pakuti mbuzi nzambiri. Lamulo ili si lacilendo kwa mwana wolankhula Cinyanja, amene sanganene kuti mbuzi zitatu ili m'munda. Kugwirizana kwa mau m'cinenero cace nkwakukulu kuposa kwa m'Cingerezi. Cimene cimamsokoneza ndi cilembo ca s, cimene cikakhala pa dzina cisonyeza zambiri, koma cikakhala pa mneni cisonyeza cimodzi: the boy runs, koma the boys run. Msampha wa olemba mayeso ndi kutalikitsa mneni ndi mwini wace, monga m'ciganizo ici:

The price of the hoes are high.

Khutu limamva makasu ambiri, koma cokwera ndi mtengo, ndipo mtengo ndi umodzi. Cotero payenera is.

Laciwiri ndi lacitatu anena za maina awiri. Akalumikizidwa ndi and akhala ambiri: The chief and his clerk are here. Akalekanitsidwa ndi or kapena nor, ndipo onse awiri ali a cinthu cimodzi, mneni akhala wa cimodzi: Either the chief or his clerk is here. Lacinai linena za maina a gulu, monga class kapena committee. Pamenepa Murray sanaumitse mutu. Analola mneni wa cimodzi pamene gulu liganiziridwa monga cinthu cimodzi, ndi mneni wa zambiri pamene aganiziridwa ndi anthu a m'gululo.

Lacisanu ndi la mlowam'malo wa dzina, ndipo apa mpamene ana a kuno amagwa kopambana. Cinyanja cili ndi liu limodzi, iye, la mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo wace ndi wace basi. Cingerezi cisiyanitsa he ndi she, his ndi her. Mwana wolemba kuti My sister lost his book sali wopusa. Wangosenza mwambo wa cinenero cace kulowa nao m'nyumba ya eni. Cimodzimodzi wolemba kuti My father he is a fisherman, pakuti m'Cinyanja mneni amanyamula cizindikiro ca mwininkhani ngakhale dzina lachulidwa kale. Murray analetsa kubwereza kotere, ngakhale ana amene iye ankawaganizira anali a ku York.

Lina ndi la kukana kawiri: m'Cingerezi ca m'mabuku kukana kuwiri kumafafanizana. Wonena kuti I did not see nothing, kunena mwa lamulo, wabvomera kuti anaona kanthu. Mphunzitsi akhoza kulifotokoza mosabvuta, pakuti m'Cinyanja momwemo munthu akati palibe cimene sindinaone, atanthauza kuti anaona zonse. Linanso ndi lakuti mlumikizi amange zinthu zofanana. He came and sits down ncokhota, cifukwa mneni woyamba ali m'nthawi yakale ndipo waciwiri ali m'nthawi yatsopano. Cinyanja cimati anabwera nakhala pansi, nthawi nkuchulidwa kamodzi kokha. Cingerezi cifuna kuti mneni aliyense abvale nthawi yace, came ndi sat.

Kumapeto kwa galamala yace Murray anaikako malangizo a kulemba momveka, ndipo limodzi la iwo ndi lakuti mau ofotokoza akhale pafupi ndi cinthu cimene acifotokoza. Ciganizo ici cisonyeza cifukwa cace:

The hunter saw a lion going to the river with his gun.

Mau onse ndi Cingerezi cabwino, koma mfuti yapatsidwa kwa mkango.

Ziganizo za Murray mwini zinali ndi cizindikiro cina: pafupifupi zonse zinali zolangiza za khalidwe, za kuona mtima, kudzicepetsa ndi kusataya nthawi. Anafuna kuti mwana poongola mau aongolenso mtima, ndipo anasamala kuti m'mabuku ace musalowe kanthu koipitsa maganizo a ana.

KUCHUKA KWACE NDI OMTSUTSA

Buku lolembedwera sukulu imodzi linafunidwa ndi masukulu zikwi. M'caka comweco ca 1797 anaturutsa galamala yofupikitsa ya ana aang'ono. M'caka ca 1799 buku lowerenga, The English Reader. Ndipo m'caka ca 1804 buku la kalembedwe ka mau. Mabukuwa anasindikizidwa mobwerezabwereza ku England ndi ku America, ndipo makope ace anafika mamiliyoni ambiri, kotero kuti m'zaka 50 zoyamba za m'ma 1800 panalibe wolemba mabuku a sukulu a Cingerezi wompambana. Abraham Lincoln anayamikira kwambiri The English Reader. Galamala yace inatembenuzidwa m'zinenero zina, ndipo ca m'ma 1840 inafika ngakhale ku Japan, kudzera m'kope la Cidachi. Dzina lace linasanduka dzina la galamala imene: Charles Dickens analichula mwanthabwala m'nthano zace, ndipo George Eliot, m'buku la Middlemarch, anasimba za mai wophunzitsa ana ace malamulo a Murray ali mkati mophika.

Omtsutsa sanasowe. Noah Webster, mwini dikishonale yochuka ya ku America, anadandaula kuti Murray anatenga zina m'mabuku ace. Goold Brown, mphunzitsi amenenso anali wa banja la a Quaker, m'buku lace lalikulu la 1851 anatola ziganizo za olemba galamala anzace, ndi za Murray zomwe, naziika monga zitsanzo za zolakwa zoti ana aongole. Mpeni umene Murray ananola unamceka mwini wace.

Kutsutsa kolemera kunadza pambuyo pace, kucokera kwa akatswiri a zinenero. Iwo anasonyeza kuti malamulo ena sanacokere m'kamwa mwa Angerezi, koma m'maganizo a olemba galamala amene anayesa Cingerezi ndi muyeso wa Cilatini kapena wa masamu. Chaucer ndi Shakespeare anakana kawiri m'ciganizo cimodzi pofuna kulimbitsa kukanako, ndipo Angerezi ambiri acitabe cotero polankhula kwao. Murray anayesa colakwa kuika they pambuyo pa liu la munthu mmodzi monga everyone, nafuna he. Lero olemba ambiri osamala amalola they pamenepo. Aphunzitsi enanso anaona kuti ana ankaloweza malamulo 22 onse ngati nyimbo, koma osatha kulemba kalata. Ndiponso kuti mwana wamng'ono akaona ciganizo colakwa kawirikawiri, diso lace licizolowera, ndipo colakwaco cimera mizu.

MASIKU ACE OTSIRIZA

Pamene dzina lace linali kuyenda m'maiko, mwini wace sanali kuyenda konse. Zaka 16 zotsiriza za moyo wace sanaturuke m'nyumba. Liu lace linafooka, ndipo alendo ankaloledwa kuceza naye kanthawi kocepa. Mkazi wace Hannah anamsamala zaka zonsezo mosatopa. Ngakhale zinali cotero, iye anapitiriza kukonza mabuku ace pa kusindikiza kulikonse, kucotsa cimene cinabvuta ana ndi kuonjeza cimene cinasowa; ndipo m'caka ca 1808 anaturutsa galamala yaikulu ya mabuku awiri.

Popeza cuma ca malonda ace akale cinamkwanira, ndalama za mabuku sanazisunge, koma anazipereka ku nchito zacifundo. M'cikalata ca masiye anasiya cuma m'manja mwa a Quaker a ku New York, kuti phindu lace lithandize kumasula akapolo, kuphunzitsa anthu akuda ndi ana ao, kuthandiza eni dziko a ku America, ndi kugawa mabuku abwino. Anamwalira ku Holgate m'caka ca 1826, ali ndi zaka 80, naikidwa m'manda a a Quaker ku York. Mbiri ya moyo wace, imene anailemba m'makalata, anaisindikiza caka comweco mnzao wa banjalo, Elizabeth Frank. Hannah anamtsata m'caka ca 1834.

COLOWA CACE KWA MPHUNZITSI WA KUMUDZI

Murray anafa sukulu isanafike m'dziko la Akunda. Pamene wansembe Leonard Kamungu, amene anatsegula misyoni ya Msoro, anamwalira komweko m'caka ca 1913, mabuku a Murray anali atasiyidwa kale. Koma njira yace inali italowa m'mabuku a omtsata, monga a J. C. Nesfield, amene anawalembera masukulu a ku India m'zaka za m'ma 1890, ndi la Wren ndi Martin la 1935. Ndipo mabuku otere anayenda m'maiko ambiri olamulidwa ndi Angerezi. Kucokera m'mabuku, ciganizo colakwa dala cinalowa m'mapepala a mayeso, pakuti ncosabvuta kuconga: yankho ndi limodzi, ndipo oconga awiri sangakangane. Mayeso akale a Standard VI, mayeso a Cambridge, ndi a bungwe la Examinations Council of Zambia limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1983, onse anayesa ana pa malamulo omwewo. Kunja nakonso, mayeso a GMAT, olowera ku maphunziro apamwamba a zamalonda, anali ndi mafunso oongola ziganizo kwa zaka zambiri, kufikira anawacotsa pokonza mayesowo m'caka ca 2023.

Cotero mafunso amasintha, ndipo ngakhale malamulo ena amasintha. Koma mwana wa kwa Malama amene alowa m'cipinda ca mayeso caka cino adzayesedwa ndi Cingerezi ca m'mabuku, ndipo mphunzitsi amene samkonzekeretsa amlakwira. Mbiri ya Murray isonyeza m'mene angamkonzekeretsere. Murray sanayambe ndi ziganizo zosakaniza. Anayamba ndi lamulo limodzi, nalizoloweza, nadzasakaniza potsiriza. Mphunzitsi amene angopatsa ana mapepala a mayeso akale kuyambira tsiku loyamba wayamba ndi denga nyumba isanaimikidwe. Murray sanakhutire ndi yankho lokha; anafuna cifukwa cace. Mwana amene wasankha is mwa mwai, ndi mnzace amene wasankha is cifukwa wapeza mwininkhani, alandira malikisi ofanana lero, koma mawa adzasiyana. Ndiponso Murray sanasiye ana ndi ziganizo zolakwa zokha. Patapita zaka ziwiri anawapatsa buku lowerenga, kuti khutu ndi diso zizolowere Cingerezi coongoka. Omtsutsa ananena zoona kuti colakwa cikakhalitsa pa bolodi cimamera. Cifukwa cace ciyenera kufafanizidwa msanga, ndipo coongoka ndico cilembedwe m'makope.

Pali cinthu cimodzi cimene Murray analibe, cimene mphunzitsi wa m'cigwa ca Luangwa ali naco. Iye analembera ana obadwa ndi Cingerezi, ndipo sanathe kudziwa cifukwa cace mwana wa Cikunda kapena wa Cinyanja amasokoneza he ndi she, kapena kuiwala the ndi a, mau amene zinenero za kuno zilibe. Mphunzitsi wolankhula cinenero ca ana ace adziwa gwero la colakwa ciliconse, ndipo akhoza kuciona cisanabadwe. Akayerekeza zinenero ziwirizo poyera pamaso pa ana, iwo amazindikira kuti cinenero cao cili ndi malamulo ace olongosoka, ndi kuti Cingerezi cingoyenda njira ina.

Ndipo ngati mphunzitsi mwini akayika pa lamulo lina, monga amakayikira ambiri amene masukulu ao amadulidwa ndi madzi m'dzinja, kutali ndi mabuku ndi alangizi, akumbukire m'mene galamala yochuka ija inayambira. Aphunzitsi a ku Trinity Lane akadacita manyazi kunena kuti sadziwa, bukulo silikadalembedwa. Msonkhano wa aphunzitsi ndi malo oyenera kubweretsa mafunso otere, kuti wodziwa lamulo la mneni athandize mnzace, nayenso athandizidwe pa lamulo la mlowam'malo.